Kuphunzitsa Black Beauty kwa ana amene sanaonepo kavalo

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Mchinji. Iye akuti: "Ndimaphunzitsa Fomu 1 ndipo ndimayang'aniranso kalabu yowerenga. Talandira mabuku a Black Beauty okwanira kuti ana aziwerenga awiriawiri. Vuto n'lakuti ana anga sanaonepo kavalo, Chingerezi cha m'bukuli n'chakale, ndipo ine ndikuliona ngati kankhani ka ana aang'ono kongolangiza anthu kuti azikonda ziweto. Kodi ndivutikire kuliphunzitsa? Ngati ndi choncho, ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, liphunzitseni, ndipo musalipeputse. Koma pamodzi mwalasa: mukalitenga ngati kankhani kolangiza ana kukonda ziweto, lidzawatopetsa sabata isanathe, chifukwa mwana wa Fomu 1 malangizo amenewo anawamva kalekale ndipo safunika mitu 49 kuti awamvetse. Bukuli limakamba za ntchito. Limaonetsa thupi limene limakoka katundu tsiku ndi tsiku, anthu amene amalilamula, komanso chimene chimachititsa munthu yemwe si woipa mtima kuzunza nyama imene imamudyetsa. Mukaligwira pamenepo, ana anu adzakhala ndi zonena zambiri kuposa inu.

Mlembi wake, Anna Sewell, anabadwa mu 1820 ku Great Yarmouth, kummawa kwa England, m'banja la mpingo wa Quaker. Ali ndi zaka 14 anagwa n'kuvulala akakolo, ndipo sanachirenso bwinobwino moyo wake wonse. Chifukwa chovutika kuyenda, ankadalira ngolo yokokedwa ndi kavalo pa maulendo ake, choncho akavalo anawadziwa monga anthu amadziwira chinthu chimene sangakhale popanda icho. Bukuli analilemba pakati pa 1871 ndi 1877 ali wodwala, nthawi zambiri ali chigonere. Mwina ankalemba pa timapepala timene mayi ake ankakopera pabwino, mwina ankangoyankhula mayi akewo n'kumalemba. Linatuluka mu November 1877, losindikizidwa ndi kampani ya Jarrold and Sons, ndipo iye anamwalira mu April 1878, patangopita miyezi 5. Silinalembedwere ana. Anthu amene iye ankafuna kuti aliwerenge ndi amene ankagwira ntchito ndi akavalo: osamalira makola, oyendetsa ngolo, eni akavalo. Mu 1890 George Angell, mtsogoleri wa bungwe loteteza nyama ku Boston, analisindikiza ku America n'kumaligawa kwa oyendetsa ngolo. Ana anayamba kulikonda pambuyo pake. Zimenezi ziuzeni kalasi tsiku loyamba, chifukwa mnyamata wa zaka 14 akadziwa kuti buku analembera amuna a ntchito, amaliwerenga mosiyana ndi mmene angawerengere buku limene akuganiza kuti ndi la makanda.

Pa nkhani yoti sanaonepo kavalo musadere nkhawa. N'zoona kuti akavalo kuno ndi osowa, koma ana a ku Mchinji amadziwa ngolo. Amadziwa goli, amadziwa zilonda za pakhosi pa ng'ombe, anaonapo abulu akukoka njerwa kapena matumba a chimanga dzuwa lili paliwombo, ndipo ena mwa anyamata anuwo ndi amene amagwira chikwapu Loweruka. London ya mu 1877 inkayenda ndi mphamvu ya nyama: anthu, malasha, ufa, mowa, makalata, zonse m'misewu zinkakokedwa ndi akavalo. Mwana wa ku London wa masiku ano moyo umenewo amangouona pa zithunzi, pamene wanu amakumana nawo pa msewu wobwera kusukulu. Ndiye phunziro loyamba lisakhale la m'buku. Funsani kuti ndani anayendetsapo ngolo, ng'ombe imaphunzitsidwa bwanji kulowa m'goli, imachita chiyani ikatopa, woyendetsa amachita chiyani ikakana chitunda. Lembani mayankho awo pa pepala lalikulu mulipachike pakhoma, chifukwa mudzabwererako kambirimbiri. Kenako jambulani kavalo pa bolodi, muonetse pamene pamakhala chitsulo cha m'kamwa, zingwe, chishalo, ndi zitsulo zokhomera ku ziboda. Mawu a Chingerezi a zida za kavalo amene amabwerabwera m'bukuli si ambiri, ndipo akakhala pa chithunzi chimene ana akuchiona tsiku lililonse, theka la vuto la chiyankhulo latha.

Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Kavalo wakuda, wa kachizindikiro koyera pamphumi, akusimba yekha moyo wake. Anabadwira pa famu ya Farmer Grey, anakhala zaka zabwino kwa Squire Gordon ku Birtwick Park, kenako anagulitsidwa ku Earlshall, kumene anavulala mawondo. Kuchokera apo mtengo wake unatsikiratsikira: anakhala wobwereketsa, anakoka ngolo zahayala m'misewu ya London, anakomoka ndi katundu wolemera, mpaka mlimi wina dzina lake Thoroughgood ndi mdzukulu wake Willie anamugula pa msika ndi mapaundi 5 okha. Ana ajambule mzere wa ulendowu m'makope mwawo, azilemba mwini aliyense, dzina limene anamupatsa kavaloyo, ndi mmene thupi lake linalili pochoka. Adzaona okha kuti dzina limasintha ndi mwini: Darkie, Black Beauty, Black Auster, Jack. Pamenepo pali funso labwino loti mukambirane, lakuti kodi chamoyo chimene sichisunga ngakhale dzina lake chili ndi chiyani chimene ndi chakechake.

Tsopano pa mtima pa phunziroli. Anna Sewell sanadzaze buku lake ndi anthu ankhanza a mitima yamwala. Oterowo alimo, koma zowawa zambiri za Beauty zikuchokera kwa anthu wamba pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo ntchito ya ana anu ikhale kufufuza zifukwazo m'malo mongoloza kuti uyu ndi wabwino, uyu ndi woipa.

Yambani ndi Joe Green, m'mitu 18 ndi 19, chifukwa ndi wa msinkhu wawo. Usiku wina mkazi wa Squire Gordon anadwala kwambiri, ndipo Beauty anathamanga mamailosi 8 kukatenga dokotala, n'kubwereranso atanyamula dokotalayo. Anafika m'khola thukuta lili kamukamu, akunjenjemera. Joe, mnyamata wa zaka 14 amene anali atangoyamba kumene ntchito, anamukonda kavaloyo ndi mtima wonse. Anamupukuta, anamupatsa ndowa yodzaza madzi ozizira, ndipo sanamufunditse bulangete poganiza kuti watenthedwa kale. Beauty anadwala m'mapapo mpaka kutsala pang'ono kufa. Bambo ake a Joe atapempha kuti mwanayo asadzudzulidwe kwambiri popeza kunali kusadziwa chabe, John Manly, woyang'anira makola, anapsa mtima n'kunena kuti kusadziwa kumapweteka pafupifupi ngati kuipa mtima kumene. Imani pamenepo, muwagawe ana pawiri: ena aikire kumbuyo Joe, ena John. Mkangano umenewu sukhala wophweka, ndipo ndi bwino kuti usathe msanga. Mwana wina adzafunsa kuti nanga wolakwa si amene anasiyira kamnyamata kosaphunzitsidwa ntchito yotere? Mwana ameneyo wawerenga bwino. Musaiwale kuwafikitsa ku mutu 20, kumene Joe yemweyo akuona munthu akukwapula akavalo amene atitimira m'matope ndi ngolo ya njerwa, ndipo akukapereka umboni kwa woweruza. Mutu umenewu umaseweredwa bwino ngati bwalo la milandu.

Chifukwa china ndi kudzionetsera, ndipo apa ndi pamene pali chingwe chotchuka chija chimene pa Chingerezi amati bearing rein. Chinali chingwe chochokera ku chitsulo cha m'kamwa kukakoledwa pamsana, chokokera mutu wa kavalo m'mwamba kuti azioneka wonyada akamakoka ngolo ya anthu olemera. Kavalo akamakwera chitunda amafuna kuweramitsa mutu kuti aponye thupi lonse kutsogolo. Mutu ukamangidwa, ntchito yonse imagwera msana ndi miyendo, kupuma kumavuta, m'kamwa mumatuluka thovu. Ku Earlshall, mayi wa pakhomopo ankalamula kuti zingwezo azizifupikitsa pang'onopang'ono, osati chifukwa chodana ndi akavalo, koma chifukwa ndi mmene anthu apamwamba ankayendera. Kufotokoza ndi pakamwa sikukwanira. Tulukani nawo panja, mupeze pokwera pang'ono, aliyense akankhe wilibala kapena njinga ya katundu koyamba mmene afunira, kachiwiri chibwano chili m'mwamba akuyang'ana kuthambo. Masitepe ochepa okha ndi okwanira. Mukabwerera m'kalasi muwerenge mitu 22 ndi 23, kumene Ginger, kavalo wamkazi mnzake wa Beauty, akulephera kupirira n'kuyamba kumenya mateche, simudzafunikanso kumasulira chilichonse. Nkhani ya m'mutu 10 ya kavalo wokalamba Sir Oliver, amene anamudula mchira ali wamng'ono kuti aoneke bwino ndipo sathanso kuingitsa ntchentche, ilowe pomwepa.

Za mowa sindichedwapo, chifukwa ana amazidziwa. Reuben Smith anali katswiri pa akavalo, koma tsiku lina ataledzera ananyalanyaza msomali wogwedera pa chitsulo cha ku chiboda, anathamangitsa Beauty usiku pa miyala yakuthwa, kavaloyo anagwa, iye anafa, ndipo mkazi wake ndi ana 6 anachotsedwa m'nyumba n'kupita ku nyumba ya boma yosungira amphawi. Onetsetsani kuti ana aona mayiyo ndi anawo, osati mawondo a kavalo okha.

Pamene ndikufuna kuti mukhalitse ndi pa mutu 39, wa Seedy Sam. Kwa ine uwu ndi mutu wolimba koposa m'buku lonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mabuku ambiri ofupikitsidwa amauchotsa. Ku London kunali oyendetsa ngolo zahayala a mitundu iwiri. Ena, monga Jerry Barker amene anamusamalira bwino Beauty, anali ndi ngolo ndi akavalo awoawo. Jerry ankatha kukana kuthamangitsa kavalo wake, ndipo ankapumula Lamulungu. Ena, monga Sam, ankabwereka. Sam ankalipira masheleni 18 pa tsiku kwa mwini ngolo ndi akavalo awiri asanapeze ngakhale kobiri lakelake, pamene mtengo wokhazikitsidwa ndi boma unali theka la sheleni pa mailosi, kupatula mailosi yoyamba. Ankagwira ntchito maola 14 mpaka 16 pa tsiku, anali ndi mkazi ndi ana 6, ndipo atadzudzulidwa chifukwa cha kavalo wake wotopa, anayankha kuti ngati apolisi akufuna wolakwa apite kwa eni ngolo amene amalipiritsa ndalama zambiri chotero. Patapita masiku ochepa anamwalira.

Perekani masamu amenewa kwa ana: Sam ayenera kuyenda mtunda wotani ndi wokwera m'ngolo kuti angokwanitsa ndalama za bwana? Awerengere okha. Ndalama za mapaundi ndi masheleni zinkagwira ntchito kuno mpaka 1971 pamene kwacha inabwera, choncho agogo awo angawathandize kukumbukira kuti masheleni 20 ankapanga paundi imodzi. Akamaliza masamuwo simudzafunika kutchula za kabaza. Adzatchula okha za mchimwene wawo amene amayendetsa njinga yamoto ya munthu wina ndipo madzulo ayenera kupereka ndalama ya bwana kaya kunali okwera kaya kunalibe, kapena za dalaivala wa minibasi amene amathamanga ndi kupanikiza anthu kuti akwanitse ndalama ya tsikulo. Funso loti mulembe pa bolodi ndi limodzi: chikwapu chili m'dzanja la Sam, koma akukwapula kavaloyu ndani? Musapereke yankho lanu msanga. Samalaninso kuti mwana wa woyendetsa ngolo asachoke m'kalasi akumva ngati bambo ake ndi amene akuzengedwa mlandu. Mlembi mwiniwake sanamuweruze Sam, anamupatsa mpata woyankhula, ndipo kalasi yanu ichite chimodzimodzi.

Pali chinthu china chimene ana anu ali nacho kale: nyama zoyankhula sizachilendo kwa iwo. Koma athandizeni kuona kusiyana. M'nthano zathu Kalulu ndi Fisi ndi anthu ovala zikopa za nyama, ndipo timaseka kuchenjera ndi umbombo wa anthu. Beauty ndi kavalo weniweni. Anthu a m'nkhaniyi samumva, ife owerenga tokha ndi amene timamumva. M'mutu 12, usiku wa mkuntho, iye akuzindikira kuti mlatho wathyoka pakati ndipo akukana kuwoloka. Squire Gordon, munthu wabwino, akumumenya ndi chikwapu chifukwa sakudziwa chimene kavaloyo akudziwa. Mphamvu yonse ya bukuli ili pa mpata umenewo, pakati pa zimene nyama ikumva ndi zimene ingathe kuonetsa. Imeneyi ndi njira yabwino kwambiri yophunzitsira za wosimba nkhani, ndipo ntchito yolemba imene imatuluka pamenepa ndi yodziwikiratu: mwana aliyense alembe tsamba limodzi monga bulu, ng'ombe ya pa ngolo, kapena nkhuku yomangidwa miyendo pa njinga yopita kumsika. Ikani lamulo limodzi lokha, lakuti nyamayo inene zokhazo zimene ingaone, kumva ndi kununkhiza. Lamulo limeneli limaletsa ana kulalikira, ndipo limawakakamiza kuyang'anitsitsa. Amene Chingerezi chikuwavuta ayambe kulemba m'Chichewa, adzatembenuze pambuyo.

Sindikubisirani kuti bukuli lili ndi zofooka. Pena limalalikira kwambiri, ndipo anthu abwino a m'menemo amakamba mawu ataliatali onga ulaliki. Mitu yotere mungaifotokoze mwachidule n'kupitirira. Koma pali chofooka chimodzi chimene sindikufuna kuti muchilumphe, chifukwa chimabala mkangano wabwino. Mayi ake a Beauty, Duchess, anamulangiza kuti azigwira ntchito mokhulupirika, asalume, asamenye mateche, ayesetse kukondweretsa mwini wake aliyense. Ginger, amene anazunzidwa kuyambira ali wamng'ono, analuma ndi kumenya. Bukuli limapatsa Beauty mathero abwino, pamene Ginger akufera m'misewu ya London. Kodi mlembi akutiuza kuti wozunzidwa azingopirira? Kapena akutionetsa kuti Beauty anangochita mwayi, popeza kufatsa kwakeko sikunamuteteze kwa Reuben Smith ngakhale kwa Skinner, mwini ngolo zahayala amene anamugwiritsa ntchito mpaka kukomoka? Ine ndimatsamira ku yankho lachiwiri, koma loyambalo lili ndi umboni wake, ndipo atsikana makamaka amakhala ndi zonena zakuya pa nkhani ya kupirira. Ku America bukuli analiyerekeza ndi mabuku otsutsa ukapolo, ndipo n'zosavuta kuona chifukwa chake: kugulitsidwa pa msika, kuyang'anidwa mano, kulekanitsidwa ndi anzako, kusinthidwa dzina. Ngati ana afika okha pamenepo, kambiranani mosamala, muwakumbutse kuti kufanana kwa zochitika sikukutanthauza kuti munthu ndi nyama ndi chimodzi.

Imfa ya Ginger, m'mutu 40, muiwerenge nokha mokweza, osapatsa mwana. Beauty akukumana naye pa malo oimikira ngolo, wowonda, mawondo otupa, atasiya kulimbana, akulakalaka kufa. Patapita nthawi pang'ono ngolo ikudutsa itanyamula kavalo wakufa wa mtundu wake, ndipo Beauty akuyembekezera kuti ndi iyeyo kuti mavuto ake athe. Ndi mutu waufupi. Mukamaliza musafunse mafunso a mayeso. Ena mwa ana anu anaikapo makolo, ndipo mawu olakalaka imfa angawakhudze mosayembekezereka, choncho apatseni mphindi zingapo zolemba zimene akumva, ndipo mukhale tcheru ndi amene wangoti zii.

Pa kagawidwe ka nthawi, teremu imodzi ndi yokwanira ngati simufuna kuwerenga liwu lililonse. Mitu yake ndi yaifupi, yambiri imatha m'mphindi zochepa mukamawerenga mokweza, ndipo Chingerezi chake, ngakhale n'chakale, n'chosavuta kuposa mmene mukuopera chifukwa mlembi ankalembera anthu a maphunziro ochepa. Chimene chimasokoneza ana ndi ziganizo zazitali, ndipo mankhwala ake ndi kuzimva zikuwerengedwa ndi munthu amene akupuma pamalo oyenera. Mutu 16, wa moto wa m'khola, pamene James Howard, mnyamata wosamalira akavalo, akumanga nsalu kumaso kwa Beauty kuti amutulutse, ndi wabwino kukopera nawo kalasi imene yayamba kuzizira. Mutu 34, pamene kavalo wokalamba Captain akusimba za nkhondo ya ku Crimea ya m'ma 1850, mungausunge kufikira mutagwirizana ndi mphunzitsi wa mbiri yakale. Ngati mungathe, itanani woyendetsa ngolo wodziwika m'deralo kuti samazunza ziweto zake, kapena mlangizi wa ziweto, abwere ana amufunse mafunso amene akonza okha. Abwere monga katswiri wodzaphunzitsa, ndipo alandiridwe motero.

Musanayambe, tsegulani limodzi mwa mabuku mwalandirawo muwerenge mitu yake. Ngati ili 49 m'magawo 4, muli ndi buku lathunthu. Ngati ili yochepa, ndi lofupikitsidwa, ndipo mwina Seedy Sam, Captain ndi nkhani ya Jerry yokana ntchito ya Lamulungu mulibe. Lofupikitsidwalo si loipa kwa ana amene akuvutika kuwerenga, koma mitu 19, 39 ndi 40 ipezeni yathunthu. Popeza mlembi anamwalira kalekale, buku lonse limapezeka mwaulere pa intaneti pa Project Gutenberg, ndipo mitu itatu imeneyi ndi masamba ochepa oti mungasindikize pa boma n'kugawira magulu.